Khoma Limene Linadikira Mvula

Zimene ndinataya chaka chimenecho ndi izi.

Mkazi wanga.
Nyumba ya zipinda ziwiri imene ndinamanga pamudzi pawo.
Munda wa kuseri kwa chulu, umene sunali wanga ndi kale.
Kudzutsidwa m'mawa ndi mwana wanga wamkazi.
Chithunzi chimodzi cha pachiguduli.
Khoma.

Zinayi zoyambazo zinachoka zokha, palibe anandifunsa. Ziwiri zomalizazo ndinachita kuzipereka ndi manja anga, ndipo ndi zimene ndikufuna kulemba pano.

Ndinafika kudera la Mkanda, ku Mchinji, ndili mnyamata wongotuluka kumene ku koleji ya aphunzitsi. Inali nthawi imene zipani zinali zitangochuluka, sukulu zitadzaza mpaka ana ena tinkawaphunzitsira pansi pa mitengo. Kwathu ndi ku Dowa, kuno ndinalibe mbale. Ndinali ndi njinga, sutikesi ya mabuku, ndi mtima wodziona ngati wodziwa zinthu.

Njira yochokera kusukulu kupita kumsika inkadutsa pamudzi wina. Amayi a kumeneko akatha kukolola amakongoletsa makoma a nyumba zawo ndi dothi la mitundu: maluwa, masamba, timizere m'munsi. Khoma limodzi linali losiyana ndi ena onse. Panalibe duwa. Panali madontho okhaokha, ofiira, oyera, akuda ndi achikasu, ena othithikana, ena otalikirana, ndi mizere yokhotakhota yodutsa pakati pawo. Tsiku lina ndinatsika panjinga. Mtsikana amene ankajambula pamenepo sanatembenuke.

"Zimenezi ndi chiyani, achemwali?"

"Simukuona?" Manja ake anali matope okhaokha, choncho analoza ndi chigongono kadontho koyera m'mbali mwa mzere wofiira. "Mwaima apa."

Ndinayang'ana pansi, pamene ndinaima. Anaseka mpaka anakhala pansi.

Unali mudzi wawo, monga amauonera kabawi akamazungulira kusaka anapiye: minda ya chimanga ndi mtedza, chulu chilichonse, dambo, zigafa za fodya, njira ya kumjigo. Sanakwerepo ndege kapena phiri lalitali. Ankangodziwa pamene chinthu chili ndi mmene chakhalira ndi chinzake. Katondo wofiira ankakumba pachulu cha m'mbali mwa msewu. Dothi lakuda linkachokera kudambo, lachikasu m'dzenje limene anthu anaumbamo njerwa, loyera kukamtsinje kena ka kufupi ndi malire a Zambia, ulendo wa m'mawa wonse. Ankalisefa, n'kuliviika m'mapale, n'kumadinda madontho ndi chitsononkho, bango kapena chala.

Mvula ikabwera zonsezo zinkakokoloka. Ndinamuuza kuti kumeneko n'kuwononga ntchito.

"Inu bolodi lanu simufufuta, aphunzitsi?"

"Ndimafufuta, koma ana amakhala atalemba m'makope."

"Nanenso anthu amakhala ataona. Dothili n'lobwereka, limayenera kubwerera kwawo. Komanso latsopano siligwira bwino pa lakale, limasweka. Amayi ankadikira mvula itsuke khoma la agogo ndiye n'kujambulapo lawo. Ine ndinadikira la amayi."

Sanasiye kunditchula kuti aphunzitsi, ngakhale titakwatirana, ngakhale mwana atabadwa. Ndinalowa chikamwini monga mwa mwambo wa kumeneko: ndinamanga nyumba ya zidina pamalo a amayi ake, ndinkalima munda umene anatipatsa. Pomanga, mkazi wanga anapempha chinthu chimodzi, kuti khoma loyang'ana kumsewu, mbali imene mvula imaombera, lisakhale ndi khonde. Ndinakana, ndinati nyumba idzagwa. Anati adzalimata yekha chaka ndi chaka. Khomalo linakhala lopanda khonde.

Wogula wina anabwera zaka zimene aliyense anayamba kulima fodya wa bale, msewu wodzaza ngolo. Anali munthu wa ku Lilongwe, wagalimoto yapikapu, wogula ziboliboli ndi mitanga m'midzi n'kukagulitsa kwa azungu. Anaima pakhoma lathu nthawi yaitali, makiyi ali m'manja. Atabweranso anabweretsa nsalu yoyera ndi utoto wa m'timachubu. Mkazi wanga ananunkhiza kachubu kamodzi n'kumubwezera.

"Zikununkha kuchipatala izi."

M'malo mwake anatenga ziguduli zotsala pomanga mabelo a fodya, n'kumazikhomera pachitseko chakale. Dothi ankalisakaniza ndi guluu wa akalipentala kuti lisayoyoke. Wogulayo ankabwera pakapita miyezi ingapo, n'kutenga zimene zauma. Zina zinkapita kusitolo ina ku Lilongwe, zina kumalo ogona alendo kutsidya kwa malire. Sindinganene kuti anali munthu woipa. Ankalipira tsiku lomwelo, ndipo ankabweretsera mwana wathu masikono. Vuto lake linali nkhani. Ankati azungu sagula chithunzi chopanda nkhani, ndiye kuseri kwa chilichonse ankamata kapepala konena za mizimu ya makolo ndi maloto.

"Ichi chikunena chiyani, mayi?" ankafunsa.

"Umenewo ndi munda wa amalume, pamene nkhumba zinadya chinangwa."

"Ayi, mayi, zimenezo sizingagulitse."

"Ndiye lembani zanuzo. Nkhumbazo sizidandaula."

Nthawi ina ndinapita ku Lilongwe pa za sukulu, ndipo ndinalowa m'sitolomo. Ndinapeza munda wa amalume uli m'felemu, nyali ikuuwalira pamwamba. Mtengo wake ndinauwerenga kawiri n'kutuluka osanena kuti ndine ndani. Nditamuuza mkazi wanga, anangofunsa ngati dothi loyera silinayoyoke.

Lamulo lake linali limodzi. "Chiguduli n'cha alendo. Khoma n'la pano." Wogulayo anayesapo kunena kuti khoma lotere n'losayenera kulisiyira mvula. Mkazi wanga anamupatsa mtedza wokazinga n'kusintha nkhani.

Chiguduli choyamba chenicheni, chimene anayesera guluu uja, sanagulitse. Anandipatsa ine. Chinali njira yochokera kusukulu kupita kumsika, ndipo pambali pake panali kamzere kakuda kogwedezeka, koima kawirikawiri pamalo amodzi. Anati imeneyo ndi njinga yanga. Wogulayo anachipempha kangapo, ankati choyamba chili ndi mtengo wakewake. Ndinkakana. Chinkakhala chopachikidwa kuchipinda, pamwamba pa sutikesi ya mabuku.

Za matenda ake sindilemba zambiri. Anadwala nthawi yaitali, tinayenda m'zipatala, tinabwerera kunyumba. Khoma lake lomaliza analijambula atakhala pampando, m'nyengo yozizira. Kumtunda, kumene dzanja silinkafika, ankadinda ndi bango lomangirira kunsungwi. Mng'ono wake, mlamu wanga, ndiye ankamusefera dothi. Ntchito imene kale inkatha msanga inatenga nyengo yonse, chifukwa ankadinda pang'ono n'kupuma. Linatuluka khoma loposa onse amene anajambulapo. Anthu opita kumsika ankatsika panjinga monga ndinatsikira ine. Anamwalira mu Ogasiti, mphepo ikuulutsa mapesi m'minda. Asanamwalire anandipempha kuti khomalo likhale mpaka mvula, ndipo mvula ilitenge. Ponena zimenezi tinali awiriwiri.

Wogulayo anabwera kudzapepesa maliro ndi shuga ndi sopo, ndipo misozi yake inali yeniyeni. Patapita masabata angapo anabweranso, ulendo uno kudzaona amalume ake a mkazi wanga, eni mbumba. Amalumewo anali munthu wansangala, wokonza njinga pamsika, wodziwa tinjira tonse todutsira shuga kupita ku Zambia. Pa matenda a mphwawo, mkazi wangayo, anagulitsa mbuzi zawo osadandaula. Ananditumizira uthenga kuti ndibwere pansi pa mango.

"Khalani apa, akamwini, mumve zodabwitsa," anatero. "Abwanawa akufuna kugula khoma. Khoma lenileni! Ine ndimaganiza kuti ndagulitsapo chilichonse m'moyo uno."

Wogulayo anafotokoza modekha. Wojambula akamwalira, anatero, zithunzi zake zimakwera mtengo, chifukwa sikubweranso zina. Khoma lomaliza la mayi ameneyu lili ndi munthu wolifuna kale. Adzabwera ndi akalipentala, adzalipaka guluu, adzalimanga ndi matabwa mbali zonse, adzalicheka m'mphepete n'kuligoneka pamatiresi. Nyumbayo adzaimangira khoma lina la njerwa zootcha.

"Lidzakhala zaka zambirimbiri, aphunzitsi. Dzina lake silidzaiwalika. Inuyo munapita kusukulu, mukumvetsa zimenezi."

Ndinkamvetsa. Ndi zimene ndinkanena ine mwini zaka zonse zija.

"Mwini wake anati likhale mpaka mvula," ndinatero.

"Anauza ndani?" anafunsa amalume.

"Ine."

"Panali wina?"

"Ayi."

Amalume anakanda kumutu. "Akamwini, sindikuti mukunama. Koma munthu wodwala amanena zambiri. Mayi anga ankati tiwaike m'manda ndi wailesi. Taonani nkhokwe zathu, taonani mtengo wa feteleza. Mwana wanu yemweyu adya chiyani chaka chamawa, madontho?"

Ndinalibe mphamvu pa nkhaniyi. Pachikamwini, katundu wa malemu ndi wa mbumba yake. Nyumba ndinamanga ndine, koma inaima pa dothi lawo. Chimene chinatsala kwa ine chinali chimodzi chokha. Mkazi akamwalira, abale ake amasudzula mwamunayo: ankhoswe a mbali zonse ziwiri amakhala pansi, amamumasula kuti apite kwawo, akakwatire ngati akufuna. Asanamusudzule, wamasiyeyo amagona m'nyumba momwemo, ndipo nyumba yoteroyo saigumula mwini wake ali mkati. Amalume ankadziwa zimenezi kuposa ine.

"Tikusudzulani msanga," anatero mokoma mtima. "Ndinu mwana wamng'ono, sitingakumangeni pano. Auzeni ankhoswe anu abwere kumapeto kwa mwezi."

Nkhoswe yanga anali achimwene anga aakulu. Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi kupita ku Dowa. Ndinawapeza akusoka denga la khola.

"Akakuitanani ku Mchinji, musabwere. Mudzabwere ndikadzakuuzani ine."

Anatsika pamakwerero n'kundiyang'ana. "Anzako amalira kuti awasudzule. Iwe ukulira kuti asakusudzule? Akudyetsa chiyani kumeneko?"

Ndinawafotokozera. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Ndiye ukulondera khoma kuti liwonongeke."

"Eya."

"Sukuluyi inakupweteka, mng'ono wanga." Anakweranso pamakwerero. Ali pamwamba anati, "Ndidzawauza kuti ndadwala mwendo. Koma mwendo sudwala mpaka Khirisimasi, wamva?"

Seputembala anadutsa, Okutobala analowa ndi dzuwa lake. Amalume anatumiza uthenga ku Dowa, yankho linali la mwendo. Anatumizanso, mwendo unali usanapole. Pamudzi anayamba kulankhula. Ena ankati mkamwiniyu akufuna munda. Ena ankati maso ake ali pa mlamu wake. Zimenezi ndi zimene zinandipweteka, chifukwa mtsikanayo, amene anasamalira mkulu wake mpaka tsiku lomaliza, anasiya kudutsa pakhomo panga, ndipo tikakumana panjira ankapatukira kuthengo. Ndikafika pamjigo amayi ankakhala chete. Chakudya chimene ankanditumizira kuchokera kwa apongozi sichinasiye kubwera, koma mbale inkangosiyidwa pakhomo, wobweretsa osagogoda.

Ndinkapita kusukulu, ndinkaphunzitsa, ndinkabwerera. Mbuzi zinayamba kudzikanda kukhomalo, ndiye ndinazika timitengo taminga kutsogolo kwake. Amalume podutsa anaima.

"Mukuliteteza ku mbuzi kuti mulipereke kwa mvula. Mbuzizo zinakulakwirani chiyani?"

"Anati mvula, amalume."

"Iii, koma mphwanga anakwatiwa ndi loya."

Ankaseka, koma kuseka kwawo kunkafupika mwezi ndi mwezi. Anzawo anali atagula kale feteleza. Chaka chimenecho mvula inachedwa. Mizere inali itaunda m'minda yonse, nazale za fodya zikuthiriridwa ndi zitini, anthu akuyang'ana kumwamba. Ine ndinkayang'ananso kumwamba, pa chifukwa changa.

Loweruka lina mu Novembala, dzuwa lili paliwombo, ndinamva galimoto ikuima kumsewu. Anatsika wogula uja ndi akalipentala awiri. Kumbuyo kunali matabwa, macheka, zigubu za guluu ndi matiresi atsopano ali m'pepala lake. Amalume anabwera kuchokera kwawo akuyenda mofulumira, osandiyang'ana. Ndinatenga mpando umene mkazi wanga ankakhalira pojambula, ndinasuntha minga ija, ndinakhala pansi msana utayandikira khoma.

"Akamwini, tadikira mokwanira," anatero amalume. "Mitambo yayamba kusonkhana. Ikagwa kamodzi basi, zatha. Sunthani mpandowo."

"Simunandisudzule, amalume. Ndikugona muno."

"Mwendo wa achimwene anu ndaumva. Anthu anawaona akupalasa njinga kumsika."

"Ndikugona muno," ndinabwereza.

"Sitikugumula nyumba, tikuchotsa mbali imodzi. Mugona mbali inayo."

Akalipentala anaima ndi matabwa paphewa, osadziwa kowatula. Anthu anayamba kusonkhana. Wogulayo anagwada pafupi nane n'kulankhula motsitsa mawu.

"Aphunzitsi, ine ndinamulemekeza mayi ameneyu. Ndaona zithunzi zambiri, ngati ichi sindinachionepo. Mukufuna chisanduke matope? Mwana wanu akadzakula adzafunsa kuti amayi ankajambula bwanji. Mudzamuonetsa chiyani?"

Funso limenelo ndinali nditadzifunsa ndekha kambirimbiri. Ndinagwira mpando ndi manja onse awiri.

Apongozi anga, amayi ake a malemu, anali atakhala pakhonde lawo akusenda mtedza, mwana wanga ali pambali pawo. Chikwatirire sitinalankhulanepo maso ndi maso. Ndi mmene zimakhalira pakati pa mkamwini ndi apongozi: tikakumana panjira wina amapatuka, mawu amadzera mwa munthu wina. Tsiku limenelo anadzuka, anabwera mpaka pakati pa bwalo atagwira mdzukulu wawo padzanja, n'kuima chondifulatira.

"Iwe," anauza mwanayo, mokweza kuti onse amve, "afunse bambo ako. Amayi ako anati chiyani?"

Mwanayo anali ndi zaka zinayi. Anandiyang'ana, chala chili m'kamwa. Ndinayankha ndikuyang'ana iyeyo.

"Uwauze agogo kuti amayi anati khomali likhale mpaka mvula ilitsuke."

Apongozi anauzanso mwanayo: "Uwauze bambo ako kuti ndamva. Ndi mmene akananenera." Kenaka anatembenukira kwa mlongo wawo. "Achimwene, langa linatsukidwa, la amayi athu linatsukidwa. La mwana wanga lokha ndiye likakhale kwa eni ake osadziwika?"

"Mawu abwino, achemwali," anatero amalume, ndipo ulendo uno sanaseke. "Koma mawu sathira m'munda. Ndinawalonjeza abwanawa, nawonso analonjeza munthu wawo, akalipentala awa abwera kuchokera kutali. Ine ndibwerere kunyumba ndi chiyani? Ana onsewa akuyang'ana ine."

Ankanena zoona. Ndinaona kuti apongozi alibe china choonjezera, ndipo ndinaona kuti mwambo umene ndinabisalamo wafika pamapeto pake. Akanatha kundinyamula ndi mpando womwewo, ndipo palibe akanawadzudzula.

Ndinapempha kuti asakhudze kanthu mpaka nditatuluka. Ndinalowa kuchipinda, ndinachotsa chiguduli chija pamsomali. Sindinachiyang'ane. Ndinatuluka nacho n'kuchitambasula pa matiresi atsopano aja.

Wogulayo anachidziwa nthawi yomweyo. Anavula magalasi n'kuwerama.

"Choyamba chija," anatero.

"Tengani ichi. Zimene mukanapereka pa khoma muwapatse amalume. Khoma mulisiye."

"Aphunzitsi, ichi n'chanu. Ichi palibe angakulandeni, mukanapita nacho kwanu."

"Ndikudziwa."

Anayang'ana chiguduli, anayang'ana khoma, anayang'ananso chiguduli. Anali munthu wamalonda. Khoma likanatha kusweka pamsewu wa mabampu uja lisanafike n'komwe paphula. Chiguduli chinkangofunika kuchikulunga. Ndipo chithunzi choyamba cha wojambula womwalira chinali ndi nkhani yake yosachita kupeka.

"Kamzere kakudaka ndi chiyani?" anafunsa.

"Njinga."

Anagwedeza mutu. Anapita ndi amalume kuseri kwa galimoto, anakambirana, anabwerako. Akalipentala anakwezanso matabwa awo. Asananyamuke, wogulayo anajambula khomalo ndi kamera. Sindinamuletse, ndipo sindinamupemphe kuti adzandipatseko chithunzi.

"Ndinu munthu wovuta, aphunzitsi," anatero pondigwira chanza.

Amalume anatsalira pabwalo galimoto itapita. Anatola kamtengo kaminga kamodzi n'kukazikanso pamalo pake.

"Mbuzi," anatero, n'kumapita.

Mvula inabwera mwezi womwewo uli kumapeto. Ndinali m'kalasi masana pamene kunada mbali ya kumalire, mphepo n'kuyamba kumenyetsa mawindo. Ana atangoweruka ndinapalasa njinga monga sindinapalasepo. Ndinafika madontho oyamba akugwa pafumbi, fungo lija la dothi litadzaza mudzi. Pafupi ndi chigafa cha amalume panali pepala lalikulu lakuda la pulasitiki, lofolera fodya. Sindikumbukira kuti ndinaganiza zolitenga. Ndimangokumbukira ndili chiimire patsogolo pa khoma, pepalalo lili m'manja mwanga, mphepo ikulikoka. Misomali inali m'nyumba, nyundo inali m'nyumba. Inali ntchito yosachedwa. Miyezi yonse ija ndinkaganiza kuti amene ndikulimbana nawo ndi amalume ndi wogula uja.

Ndinaima choncho mpaka malaya ananyowa. Kenaka ndinapinda pepalalo, ndinalibweza kuchigafa, ndinaikapo mwala.

Dothi loyera ndi limene linayamba kuchoka. Njira ya kumjigo inasungunuka n'kutsika m'timizere. Lachikasu linatsatira, zigafa ndi minda ya mtedza zinalowana. Lakuda la dambo linafalikira pansi ponse. Katondo anakanirira nthawi yaitali, kenaka nayenso anayamba kutsetsereka. Madzi ofiira anadutsa pakati pa mapazi anga, analowa m'ngalande ya m'mbali mwa msewu, analunjika kudambo. Mwana wanga anathawa pakhonde la agogo ake n'kubwera kudzapondaponda m'madzimo, akuseka. Sindinamuletse. Apongozi anali chiimire pakhonde lawo, manja ali kumbuyo, ndipo sanalowe m'nyumba mpaka mvula itakata.

Silinathe tsiku limodzi. Panafunika mvula zingapo kuti khoma likhale lotuwa monga makoma ena. Litatero ndinatumiza mawu ku Dowa kuti mwendo upole.

Kusudzula kunali kwachidule. Tinakhala pamphasa, ankhoswe analankhula, amalume anati andimasula ndi mtima woyera, ndipo anaonjezera kuti mudzi wawo sudzaonanso mkamwini wokanika ngati ine. Anthu anaseka, ngakhale amene ankandinena. Mlamu wanga anabwera kudzanditsanzika atagwada patali. Ndinamanga sutikesi ndi zofunda panjinga n'kusamukira m'kanyumba ka pasukulu. Mwana anatsala kwa agogo ake, pamudzi pa amayi ake, monga ziyenera kukhalira. Ndinkapita kukamuona Loweruka lililonse, ndipo ndimapitabe.

Nyumba ija sanaigumule. Mlamu wanga atakwatiwa analowamo. Chaka chotsatira atakolola anamata khoma la kumsewu n'kujambulapo. Iye amakonda maluwa, si wa madontho. Koma m'munsi mwenimweni, pamene pamafika dzanja la mwana, munali mzere wa timadontho tofiira tosalongosoka, todinda ndi chala. Ndinatsika panjinga. Sindinafunse kuti ndi chiyani.

Chiguduli chija sindikudziwa kumene chili. Mwina chapachikidwa m'nyumba ina kutsidya kwa nyanja, kuseri kwake kuli kapepala konena za ulendo wa mizimu. Nthawi zina ndimafuna nditachionanso, ndione ngati kamzere kaja kanali kogwedezeka monga ndimakakumbukira. Chinthu chilichonse chimene mkazi wanga anajambula chili kwa anthu amene sanamudziwe, kapena chili kudambo. Anzanga a kusukulu amene amadziwa nkhaniyi amati ndinalakwa, ndipo sindikangana nawo.

Tsiku lomaliza limene mkazi wanga analankhula kunali kotentha pang'ono, ndiye masana ndinamunyamula kupita naye panja. Anali wopepuka ngati mtolo wa udzu. Ndinamukhazika pampando wake, moyang'ana khoma, n'kumufunditsa chitenje m'miyendo. Analiyang'ana kuyambira kumtunda mpaka m'munsi monga mlimi ayendera munda. Ndinamuuza kuti n'lokongola kuposa onse, ndipo kuti n'zachisoni kuti mvula idzaliwononga. Anatembenuza mutu pang'onopang'ono. Milomo yake inali youma, koma kumwetulira kuja kunalipo.

"Mvula ikabwera mulisiye likhale choncho, lipite. Ndipo musakaliphimbe ndi pulasitiki, aphunzitsi. Ndikukudziwani inu."